Mawu Okuluwika Akafika Pakhomo la Chipatala

Mlendo wosadziwa kayankhulidwe kathu akamva kuti "amayi a kunyumba ija achira," amafunsa kuti ankadwala chiyani. Sankadwala malungo kapena chibayo ayi. Abereka, ndipo iwo pamodzi ndi khanda ali moyo. Miyezi yonse ija anali "ndi pakati," ndipo akuluakulu ena pomasulira mawuwa amati mayi woyembekezera amakhala pakati pa moyo ndi imfa. N'chifukwa chake tsiku limene watsika bwino timati wachira. Zikavuta, sitinena kuti khanda lafa. Timati labwerera, ngati mlendo amene wasuzumira pakhomo n'kuona kuti sakhala. Mimba ikachoka isanakhwime timati mayiyo wapita padera.

M'mabuku a Chichewa a kusukulu mawu otere amaikidwa m'gulu la nsinjiro za chiyankhulo, pamodzi ndi miyambi, zifanifani ndi ndagi. Amene anapeka dzinali ankakudziwa kukhitchini. Ndiwo zamasamba zopanda nsinjiro zimadyeka, koma sizitsetsereka pakhosi. Chining'a ndi mawu amene tanthauzo lake silili pamwamba. Wokutsina khutu sakukhudza khutu, amangokuchenjeza. Wa manja lende manja ake ndi abwinobwino, vuto ndi ulesi. Wolemba m'madzi walephera chimene amafuna, ndipo aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja safuna kumumasulira chifukwa chake. Zining'a zotere n'zokometsa macheza, ndipo munthu akalephera kuzimva amangosekedwa basi. Koma pali zina zokhudza thupi ndi matenda zimene timapita nazo kuchipatala. Kumeneko mawu akapanda kumveka, thandizo limachedwa.

Ku Chintheche nkhaniyi imaoneka bwino kuposa malo ambiri. Tawuni yaing'onoyi ili pamsewu wa M5, kum'mwera kwa boma la Nkhata Bay, ndipo eni nthaka ndi Atonga. Pamsika kapena padooko mumamva Chitonga, Chitumbuka ndi Chichewa nthawi imodzi, pakuti asodzi amatsata usipa kuchokera kutali ndipo ogula nsomba amatsika kuchokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Namwino kapena dokotala wa pachipatala akhoza kukhala wa ku Mulanje kapena ku Dedza, popeza boma limatumiza antchito ake kulikonse. Ndiye taganizirani gogo wa kumudzi. Ululu wake amauganiza m'Chitonga, amaufotokoza m'Chichewa chimene anachiphunzira ali wamkulu, ndipo womumvetsera amaulemba m'Chingerezi m'kabuku ka kuchipatala. Mawu awoloka mitsinje iwiri asanasanduke mankhwala.

Vutoli silinayambe lero. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudzaikhazika pa Bandawe, pafupi ndi Chintheche, isanakwere ku Khondowe mu 1894. Laws anali m'busa komanso dokotala, choncho kumva zimene wodwala akunena inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Amishoni anasonkhanitsa mawu kwa zaka zambiri, mpaka mu 1952 William Turner anasindikiza mtanthauziramawu wa Chitumbuka, Chitonga ndi Chingerezi. M'zaka za posachedwa David Mphande analemba mabuku osonkhanitsa nthanthi za Chitonga, zimene m'Chichewa timati miyambi. Ntchito zonsezi n'zamtengo wapatali. Komabe buku limakuuza tanthauzo la liwu, silikuuza kuti mayi uyu, lero, pamaso pa apongozi ake, wasankha liwu limeneli pofuna kubisa chiyani.

Dera lino limalidziwanso bwino liwu lina lolemera: machona. Anyamata a kuno anali m'gulu la oyamba kupita kukagwira ntchito ku Harare ndi ku Joni. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo anamwalirira ku East London mu 1951. Ambiri osatchuka anapita n'kungoti zii, osalemba kalata, ndipo kumudzi ankangoti achona. Ena mwa amene anabwerera kuchokera kumigodi anabwera ndi chifuwa chosatha. Dzina lakuti chifuwa chachikulu ndi limodzi mwa mayina abwino amene tili nawo, chifukwa limachenjeza lokha. Chimene chimawononga ndi kachizolowezi kathu kochepetsa matenda ndi "ka." Bambo wakhosomola mwezi wathunthu, akutuluka thukuta usiku, lamba wayamba kukhwepa, koma mukamufunsa amati ndi kachifuwa chabe. Chotupa cha m'bere chimakhala kachotupa. Kutentha thupi kwa mwana kumakhala timalungo. Ndi ulemu, inde, pakuti munthu wamkulu sadandaula ngati mwana. Koma chifuwa chopitirira masabata awiri chimafunika kukayezetsa makhololo, kaya mwachitchula ndi "ka" kapena ayi.

Liwu lakuti malungo nalonso limanyamula katundu wambiri. Pakamwa pa anthu limatanthauza kutentha thupi kulikonse ndi kuphwanya kwa m'thupi, pamene kuchipatala limatanthauza matenda amodzi okha, ofalitsidwa ndi udzudzu. Ndiye wodwala akabayidwa chala n'kuuzidwa kuti alibe malungo, amachoka akung'ung'udza kuti am'mana LA. Sanam'mane. Awiriwo amagwiritsa ntchito liwu limodzi ponena zinthu ziwiri.

Chaka cha 2022 chinationetsa kuopsa kwa chining'a chimodzi chimene tinachizolowera mpaka kuiwala kuti ndi chining'a. Kolera inabuka m'chigawo cha kum'mwera m'mwezi wa Marichi, ndipo pofika Ogasiti inali itafika m'boma la Nkhata Bay, m'nyengo yopanda mvula pamene anthu sankaiyembekezera. Madooko a asodzi monga Tukombo, kum'mwera kwa Chintheche, anakhudzidwa kwambiri. Pamene mliriwu unkazilala mu 2023, anthu opitirira 1,700 anali atamwalira m'dziko lonse.

Munthu wa kolera akayamba kudwala amati watsegula m'mimba. Wodya mango osapsa amatinso watsegula m'mimba. Wa kamwazi chimodzimodzi. Ndipo ambiri safika n'komwe pa mawu amenewo, amangoti m'mimba mwandivuta, kapena ndikuyendayenda, kapena ndikupita kuseri pafupipafupi. Palibe cholakwika ndi kusatchula za kuchimbudzi pagulu. Vuto ndi lakuti chimene chimasiyanitsa kolera ndi kutsegula wamba chili mu zinthu zomwezo zimene ulemu umatiletsa kutchula: chimbudzi chamadzi okhaokha chooneka ngati madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri ndiponso kawirikawiri, nthawi zambiri pamodzi ndi kusanza. Munthu wotere akhoza kutha madzi m'thupi n'kumwalira tsiku lomwelo. Choncho wa m'nyumba mwanu akanena kuti watsegula m'mimba, musangoti pepani. M'tengereni pambali mum'funse kuti wapita kangati, chimbudzicho chikuoneka bwanji, muli magazi kapena ayi, ndipo wakodza liti komaliza. Yambani kum'mwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo azimwa ali m'njira yopita kuchipatala. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Mwana woyamwa asasiye kuyamwa.

Pali zining'a zina zozama kuposa izi, zimene sizingophimba matenda koma zimanenanso amene wawachititsa. Pachikhalidwe cha Achewa munthu amatha kukhala wotentha kapena wozizira, ndipo kutenthako si kwa malungo. Wotentha ndi amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi posachedwa. Khanda ndi lozizira. Mwambo umati wotentha asanyamule khanda limene silinatengedwe, ndipo pali nthawi zimene mayi sayenera kuthira mchere m'ndiwo. Lamuloli likaphwanyidwa amati mwana wasemphedwa kapena wadulidwa, ndipo matendawo ndi tsempho kapena mdulo. Kwa anzathu Atumbuka kuli chikhulupiriro chofanana nacho chimene amachitcha moto. Mukafunsa zizindikiro za tsempho adzakuuzani kuti mwana amatupa mapazi ndi masaya, tsitsi limapyapyala n'kufiira, amanyentchera, safuna kudya, amangolira.

Wa zachipatala akamva zizindikiro zimenezi amaganiza msanga za kwashiorkor, matenda a kuperewera kwa zakudya m'thupi. Chodabwitsa n'chakuti dzina limeneli, ngakhale lili m'mabuku a madokotala a dziko lonse, nalonso ndi mawu okuluwika a ku Africa kuno. Dr Cicely Williams, mayi wobadwira ku Jamaica amene ankagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, anamva anthu olankhula Chiga akutchula matendawa motero, ndipo mu 1935 analilemba dzinali m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Tanthauzo lake ndi matenda amene amagwira mwana wamkulu pamene mng'ono wake wabadwa. Mayiyu sanapeputse mawu a anthu akumudzi. Anawamvetsera, n'kupeza kuti mkati mwake muli chifukwa chenicheni cha matendawo: mwana wachotsedwa kubere msanga n'kusiyidwa pa phala lopanda kanthu. Ifenso liwu lake tili nalo. Timati mayi watumbiza, kutanthauza kuti watenga pakati pena mwana akadali kubere.

Kuno kunyanja chakudya chenicheni ndi kondowole. Chinangwa chimapirira chilala ndipo chimapatsa mphamvu, koma zomanga thupi zili mmenemo n'zochepa kwambiri, zochepa kuposa za mu chimanga. Munthu wamkulu amakwaniritsa ndi ndiwo. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka amene wasiya kuyamwa, amene amangonyambita msuzi uku nsomba zikupita m'mbale ya bambo kapena kumsika, alibe pokwaniritsira. Chonsecho mankhwala ake ali pakhomo pomwepo: usipa wouma wosinja bwino n'kuthira m'phala, nsinjiro, nyemba zophwanya, soya, dzira, chigwada chophika mokwanira. Ndipo pali njira yophweka yodziwira ngati kutupa kwa mwana kuli koopsa. Dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenako muchotse. Ngati patsala kadzenje kumapazi onse awiri, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko kuli mkaka wapadera ndi chiponde, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa.

Ine sindili m'gulu la amene amaseka miyambo ya mdulo ngati umbuli. Malamulo amenewa ankathandiza kuti ana atalikirane ndiponso kuti mwamuna asamayendeyende mkazi wake ali ndi khanda. Koma liwu lakuti wasemphedwa likangotuluka pakamwa pa azakhali, funso limasintha. Salinso kufunsa kuti mwanayu akudya chiyani. Akufunsa kuti walakwa ndani. Masiku amene mwana akanakhala akulandira chiponde amathera pa kuitana ankhoswe ndi kufunafuna mizu, ndipo kawirikawiri chala chimaloza mayi, yemwe ndi wotopa kale. Ngati m'banja muli nkhani yofunika kukamba, ikambidwe. Koma mwanayo atsogole kuchipatala, milandu izitsatira.

Mayina ena tinawapeka tokha posachedwa pofuna kumasulira matenda a m'mabuku, ndipo nawonso amasocheretsa. Timati kuthamanga kwa magazi. Womva amaganiza kuti wodwala matendawa ayenera kumva chinachake chikuthamanga m'thupi, mtima ukugunda kapena mutu ukuwawa. Akamwa mankhwala mwezi umodzi n'kumva bwino amati magazi asiya kuthamanga, n'kusiya mankhwala. Chonsecho anthu ambiri a BP yokwera samva kalikonse kufikira tsiku limene afa ziwalo mbali imodzi. Chimene chimauza zoona ndi makina oyezera, ndipo akamaonetsa 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, munthuyo ali ndi vutoli ngakhale akulima bwinobwino. Matenda a shuga nawo ndi chimodzimodzi. Gogo amasiya kuthira shuga m'phala n'kukhulupirira kuti wathana nazo, osadziwa kuti mitanda itatu ya kondowole kapena nsima ya ufa woyera imasanduka shuga yemweyo ikafika m'thupi.

Liwu limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusamba. M'mudzi wa m'mbali mwa nyanja aliyense amasamba tsiku lililonse, ndipo mayi akanena kuti akusamba, mwana amaganiza za sopo. Akuluakulu amadziwa kuti akunena za kumwezi. Tsono pali mayi wa zaka zopitirira 50 amene anasiya kalekale, ndipo tsiku lina amauza mnzake monong'ona kuti ndayambanso kusamba. Awiriwo amaseka, mwina n'kunena kuti utsikana wabwerera. Uko si kusamba. Magazi otuluka mayi atasiya kale msambo, kapena otuluka akangokhala malo amodzi ndi abambo, kapena chikazi chonunkha chosatha, ndi zizindikiro zofunika kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ikapezeka msanga imachizika. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 wowateteza ku kachilombo koyambitsa khansayi. Kwa amayi a kunyanja palinso likodzo, limene ambiri amalidziwa ngati matenda a anyamata okodza magazi. Tizilombo take timathanso kuwononga njira ya chiberekero n'kubweretsa zizindikiro zofanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Banja likhoza kutha chifukwa chokayikirana, pamene gwero lake ndi madzi amene mayiyo amachapiramo.

Za mtima ndiye zilipo zambirimbiri. Timapsa mtima, timataya mtima, timakhazika mtima pansi, mtima umakhala m'mwamba, umasweka, umakhala m'malo. Munthu akati mtima ukundipweteka, mwina akunena za pachifuwa penipeni, mwina akunena za mwana wake amene ali ku Johannesburg ndipo wasiya kuyimba foni. Zonse ziwiri n'zofunika thandizo, koma thandizo lake n'losiyana, ndipo njira yodziwira ndi kumuuza kuti aloze ndi dzanja pamene pakupweteka. Tcheraninso khutu kwa bambo kapena mnyamata amene wayamba kuyankhula mokuluwika za iye mwini: ndatopa nazo, mudzandifuna, ndipita kutali, ana anga mudzawaone. Mawu otere asamangodutsa ngati nthabwala za pabawo. Khalani naye pansi mum'funse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikum'patsa maganizowo. Nthawi zambiri kumam'patsa mpata woyamba woti alankhule. Akavomera, musam'siye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala.

Ana ndiye amamva mawu monga momwe alili. Mukauza mwana wa zaka zinayi kuti agogo atisiya, amafunsa kuti abwera liti. Mukamuuza kuti agona, akhoza kuyamba kuopa mphasa usiku. Owerenga Baibulo akukumbukira kuti pa Yohane 11 ngakhale ophunzira, anthu akuluakulu, anasokonezeka pamene Yesu ananena za imfa ya Lazaro ngati tulo. Iwo anaganiza kuti wodwalayo akupeza bwino, mpaka Iye anawauza mosabisa kuti wamwalira. Anayamba ndi mawu ofewa, ataona kuti sanamveke ananena poyera. Mwana nayenso angauzidwe kuti agogo amwalira, thupi lawo lasiya kupuma ndipo sakumvanso kupweteka, kenako n'kumufotokozera chifukwa chake timati agona.

Pali chinthu chinanso chimene ana athu timawamana chifukwa cha ulemu. Ziwalo zobisika tilibe dzina limene kholo lingatchule momasuka, timangoti kumaso, kumusi, kutsogolo. Mtsikana wamng'ono amene wina akumuchita zoipa amabwera n'kunena kuti amalume aja amandiseweretsa, kapena amandipweteka kumaso, ndipo mayi wotanganidwa ndi mphika amayang'ana nkhope, osaona bala, n'kumuuza kuti akasewere. Banja lililonse lisankhe mawu omveka amene mwana angatchulire ziwalo zimenezi, ndipo mwanayo adziwe kuti akawatchula kwa amayi kapena abambo sakalipiridwa. Akanena mawu osamveka, siyani mphikawo mum'funse kuti akuonetseni pomwe akunena.

Chotsiriza n'chokhudza ife operekeza odwala. Kuchipatala sitipita tokha, ndipo ndi bwino kutero. Koma amene waperekeza ndi amenenso nthawi zina amatseka pakamwa pa wodwala. Mtengwa sangatchule za kumwezi apongozi ake aamuna ataima pambali. Bambo wachikulire amene mkodzo ukumuvuta kutuluka sanganene zimenezo pamaso pa mwana wake wamkazi, amangoti msana, ndipo amabwerako ndi panado. Mukaperekeza munthu, fotokozani zimene mukudziwa, tsiku limene anayamba ndi mankhwala amene wamwa kale, a chikuda omwe. Kenako nenani kuti, "Ndili panjapa, mukandifuna mundiitana," n'kutuluka. Ngati wodwalayo Chichewa chimamuvuta, funsani ngati pali wa zaumoyo wolankhula Chitonga, ndipo ngati ndi mayi, womasulirayo akhale mayi mnzake. Pobwerera kunyumba, m'funseni kuti adokotala anati chiyani ndipo mankhwalawo azimwa motani, anene m'mawu akeake. Akati katatu pa tsiku, funsani kuti nthawi zake ndi ziti.